Kasinja Asanaponde, Timayamba Tafunsa Nthaka

Kumayambiriro kwa chaka cha 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itangobuka, m'mafoni munkayenda makanema amene ankaseketsa anthu ngakhale kuti nkhani yake inali ya maliro. Mlimi ali pa thirakitala yake, kumbuyo akukoka kasinja wa asilikali a Russia, chimphona cha matani oposa 40. Ena mwa akasinjawo anathera mafuta panjira, ena anawonongeka, koma ena eni ake anawathawa atatitimira m'minda mpaka pamimba. Amene anandifunsa za makanemawo ankadabwa chinthu chimodzi: makina ogumula khoma angagonje bwanji kwa matope?

Yankho lili m'ntchito imene ine ndimadyera. Ndine injiniya wa za nthaka, ndipo masiku ambiri ndimalimbana ndi misewu ndi maziko a nyumba. Koma ntchito yathuyi ili ndi nthambi ina imene inabadwira kunkhondo, ndipo funso lake ndi lalifupi: galimoto yolemera chonchi, pa nthaka iyi, tsiku lakuti, idutsa kapena ititimira? Mkulu wa asilikali amafuna yankho asanatumize anthu ake, ndipo nthawi zambiri malo amene akufunsawo sitingapondeko chifukwa kuli adani. Ndiye kuyeza kokha sikukwanira. Timayenera kulosera.

Anthu ambiri amasokonekera pa nkhani ya kulemera. Amaganiza kuti cholemera kwambiri ndicho chimayamba kumira. Nthaka simva matani onse pamodzi. Imamva katundu amene wagwera pa kachigawo kalikonse kamene kapondedwa. Kasinja wa ku America wotchedwa Abrams amalemera matani oposa 60, koma kulemerako kumagawika pa maunyolo awiri aatali ndi otambalala, onga a katapila, moti sentimita iliyonse ya sikweya imalandira pafupifupi kilogalamu imodzi yokha. Munthu wamkulu akaima ndi mwendo umodzi amapanikiza nthaka ndi theka la zimenezo. Lole yodzaza katundu, imene matayala ake apopedwa mpaka kuuma gwa, imapanikiza kasanu kapena kuposerapo. N'chifukwa chake kunkhondo oyamba kutitimira kawirikawiri si akasinja, koma malole a mafuta, a zipolopolo ndi a chakudya amene amabwera pambuyo pawo. Malolewo akaima, kasinja naye amaima patsogolopo, thanki ili gwa.

Izi n'zimene zinagwera asilikali a Germany mu October 1941 akulowera ku Moscow. Mvula itayamba, misewu yafumbi inasanduka phala la matope, malole ndi ngolo za akavalo zinamira, ndipo gulu lonse linayenda mokwawa mpaka chisanu chitaumitsa nthaka mu November. Kasinja wa Soviet Union, T-34, anali ndi maunyolo a masentimita pafupifupi 50 m'lifupi, pamene a akasinja ambiri a Germany sankapitirira 40. Kusiyana kwa chikhatho chimodzi kumeneko kunkaoneka bwino pamatope.

Koma nambala ya kilogalamu imodzi ija musaikhulupirire kwambiri. Unyolo si thabwa. Umapindika, ndipo kulemera kumaunjikana pansi pa gudumu lililonse limene likugudubuzika pamwamba pake. Katswiri wina wa ku Britain, Rowland, anasonyeza m'zaka za m'ma 1970 kuti chimene chimamiza galimoto ndi kupanikiza kwa pansi pa magudumu kumeneku. Akasinja awiri olemera mofanana, a maunyolo ofanana, akhoza kusiyana pamatope chifukwa wina ali ndi magudumu ochuluka.

Tsono mphamvu ya nthaka yeniyeniyo timaiyeza bwanji? Chida chake mukachiona mukhoza kukhumudwa. Ndi ndodo yachitsulo, kumapeto kwake kuli kansonga kosongoka madigiri 30, tsinde lake lokula theka la inchi ya sikweya, pamwamba pali chogwirira ndi kawotchi kosonyeza mphamvu. Dzina lake ndi cone penetrometer. Anakonza njira yogwiritsira ntchito chidachi ndi mainjiniya a asilikali a America ku Vicksburg, m'boma la Mississippi, pa malo ofufuzira otchedwa Waterways Experiment Station. Malowa anakhazikitsidwa mu 1929 kaamba ka kusefukira kwa mtsinje wa Mississippi kwa mu 1927, koma nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itaonetsa kuchuluka kwa magalimoto otayika m'matope, anapatsidwanso ntchito ya nthaka. Munthu mmodzi amakanikiza ndodoyo pansi mosathamanga, masentimita atatu pa sekondi, n'kumawerenga kawotchi. Mnzake amalemba manambala pa kuya kulikonse. Nambala imene imatuluka timaitcha cone index. Ikakhala yaikulu, nthaka ndi yolimba.

Anthu a ku Vicksburg sanapeze tanthauzo la manambalawa pa bolodi ayi. Ankatenga magalimoto enieni, kuwayendetsa m'matope oyezedwa kale, kubwereza m'mizere yomweyo mpaka atatitimira, n'kulemba. Zaka ndi zaka za kumiza magalimoto dala ndizo zinabala matebulo amene timagwiritsa ntchito lero.

M'matebulomo muli zinthu ziwiri zimene ndikufuna muzimvetse, chifukwa ndizo zimapusitsa ngakhale madalaivala akale. Choyamba ndi kuya. Kwa magalimoto ambiri a nkhondo, nthaka imene imagamula mlandu si yapamwamba imene mukuiona, koma ya pakati pa masentimita 15 ndi 30 pansi. Aliyense amene anadyapo phala lozizira akudziwa kuti pamwamba pamagwira kakhungu pamene m'kati mukadali mwamadzimadzi. Dothi la makande la ku Chikwawa ndi Nsanje limachita chimodzimodzi mvula ikakata masiku atatu dzuwa n'kuwomba: pamwamba pamauma mpaka kuyamba ming'alu, munthu amayendapo nsapato osada, njinga imadutsa. Bwerani ndi galimoto ya matani 15, kakhungu kaja kamaboola ndipo tayala limapeza zimene zinabisala pansi. Zosiyana nazo zimachitikanso. Msewu wa katondo ukhoza kuoneka woopsa mvula itangogwa, pamwamba pali poterera ngati sopo, koma pansi pali polimba; galimoto imavina, imatsetsereka, koma simira. Maso amaweruza milandu iwiriyi mozondoka.

Chachiwiri ndicho mtima wa ntchito yonseyi. Dothi la dongo likapondedwa limafooka. Tayala likadutsa limalikanya, tinthu timene tinagwirana timamasuka, madzi amene anali m'timipata amapanikizika, ndipo galimoto yachiwiri imapeza nthaka yofewa kuposa imene yoyamba inapeza. Choncho sitifunsa kuti nthakayi ndi yolimba bwanji basi; timafunsanso kuti idzatsala yolimba bwanji ikapunthidwa. Timatenga dothi m'kachitini, kuliyeza ndi kansonga kaja, kenako kuligwetsera kanyundo kolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono ka 100 kuchokera pa masentimita 30, n'kuliyezanso. Nambala yachiwiri tikaigawa ndi yoyamba timadziwa gawo la mphamvu limene latsala.

Tiyerekeze kuti dambo lina latipatsa 100, koma litapunthidwa latsala ndi theka. Nambala imene tigwire ndi 50. Galimoto iliyonse nayo ili ndi manambala ake awiri: ina ya mphamvu ya nthaka imene imafunika kuti idutse kamodzi, ina yoti magalimoto 50 a mtundu womwewo adutse mzere umodzi. Tiyerekezenso kuti galimoto yathu imafuna 30 pa ulendo umodzi ndi 65 pa maulendo 50. Galimoto yoyamba idzadutsa bwinobwino, ndipo amene ali m'menemo adzaimba wailesi kuti njira ili bwino, bwerani. Sakunama. Yachisanu idzadutsa, yakhumi idzalira pang'ono. Penapake pakati pa mndandandawo ina idzakhala pansi ndi mimba, matayala akungozungulira m'malere, ndipo onse a m'mbuyo adzaima pamtetete pamene mdani akuwaona. Ngozi zambiri za mtundu umenewu zimayamba ndi uthenga woona wochokera kwa munthu amene anadutsa koyamba.

Mchenga uli ndi khalidwe lakelake. Dongo limafooka likanyowa, pamene mchenga wouma ndiwo umamiza matayala, wachinyezi n'kukhala wolimba. Anthu a kunyanja amadziwa kuti poyenda bwino ndi m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Mankhwala a mchenga ndi kuphwetsa matayala pang'ono kuti aponde malo aakulu. Magalimoto ambiri a nkhondo amakono dalaivala amatha kuchepetsa kapena kuwonjezera mpweya ali pampando, luso limene linayamba ndi galimoto ya America yoyenda pamtunda ndi pamadzi yotchedwa DUKW pa nkhondo yachiwiri ija. Miyala nayo ili ndi msampha wake. Pa 19 August 1942, asilikali a Canada atatsika pa gombe la Dieppe ku France, akasinja awo a mtundu wa Churchill anapeza gombe la nsangalabwi. Miyalayo inkagubuduka pansi pa maunyolo, ina n'kulowa m'magiya okoka unyolo mpaka kuudula. Akasinja angapo anathera pagombe pomwepo.

Phunziro la Dieppe ndilo linachititsa kuti pokonzekera kukatsika ku Normandy, nkhani ya nthaka aitenge ngati ya moyo ndi imfa. Akatswiri a miyala, mmodzi mwa iwo Fred Shotton, ankakayikira kuti pansi pa mchenga wa magombe ena pali dongo lofewa ndi dothi lakuda la zomera zowola, limene silinganyamule kasinja. Zithunzi za pandege zinkaonetsa mawanga akuda, koma chithunzi sichinena kuti mchenga wapamwambawo ndi wokhuthala bwanji. Panafunika dothi lenileni m'manja. Usiku wa pa 31 December 1943, pamene ankayembekezera kuti alonda a Germany atanganidwa ndi chikondwerero cha chaka chatsopano, asilikali awiri a Britain, Logan Scott-Bowden ndi Bruce Ogden-Smith, anatsika m'boti n'kusambira m'madzi ozizira kukafika pagombe pafupi ndi Ver-sur-Mer. Anakwawa mumdima akuboola mchenga ndi chitsulo, kuika dothi m'timachubu, n'kusambiranso kubwerera atalemedwa ndi katunduyo. Ku England anapeza gombe la nthaka yofanana ku Brancaster, m'dera la Norfolk, n'kumayeserapo magalimoto enieni. Pa 6 June 1944, pakati pa akasinja oyamba kutsika panali ena onyamula chimpukutu cha chinsalu cholimba kutsogolo, amene ankachiyala pamalo ofewa kuti anzawo apondepo. Anthu awiri anaika moyo pachiswe chifukwa cha dothi lodzaza thumba limodzi, ndipo ine sindiona kuti anawonjeza.

Masiku ano kusambira usiku kwachepa, ntchito yambiri ili pa kompyuta. Mayiko a NATO ali ndi pulogalamu yotchedwa NATO Reference Mobility Model, imene anagwirizana kuyamba kuigwiritsa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo akhala akuikonzanso. Mumaipatsa mapu a mitundu ya dothi, kutsetsereka kwa malo, kukula ndi kuthithikana kwa mitengo, ngalande ndi mitsinje, kenako zonse za galimoto yanu. Iyo imatulutsa mapu a mitundumitundu: apa mudutsa mothamanga, apa mokwawa, apa musayese n'komwe. Mapuwo amakongola kwambiri, ndipo kukongolako ndiko kumandidetsa nkhawa, chifukwa munthu wotopa amene akufuna yankho msanga amaiwala kufunsa kuti manambala a pansi pa utotowo anachokera kuti.

Mtundu wa dothi susintha chaka ndi chaka, ndipo umenewo tikhoza kuudziwa. Ngakhale popanda labotale, mukanyowetsa dothi n'kulipota m'manja mpaka litapanga kachingwe ka mamilimita atatu osaduka, mwadziwa kuti muli dongo lambiri. Kuyeza kumeneku kunachokera kwa wasayansi wa ku Sweden, Albert Atterberg, zaka zoposa 100 zapitazo. Chovuta ndi madzi. Dothi lomwelo likhoza kunyamula kasinja Lolemba n'kumiza ngolo Lachinayi. Kuti tilosere chinyezi timawerengera mvula imene yagwa, madzi amene dzuwa ndi zomera zamwa, amene alowa pansi ndi amene atsetsereka kupita kumunsi. Cholakwika chaching'ono pa chinyezi chimabala cholakwika chachikulu pa mphamvu, chifukwa pali malire ena pamene dongo limagwa mphamvu mwadzidzidzi madzi akangowonjezekera pang'ono.

Nanga masetilaiti? Amathandiza, koma ali ndi polekezera. Setilaiti ya NASA yotchedwa SMAP, imene inaponyedwa mu 2015, imayeza chinyezi cha dziko lonse masiku awiri kapena atatu alionse. Koma imamva masentimita asanu okha apamwamba, pamene ife tikufuna za pa 15 mpaka 30. Ndiponso nambala imodzi imaimira dera la makilomita oposa 30 mbali iliyonse. M'dera lotero muli zitunda, madambo, minda ndi nkhalango, ndipo galimoto simira m'dera lonse. Imamira pa kadambo kamodzi ka mamita 20 kamene njira yadutsapo. Pansi pa nkhalango yowirira setilaitiyo imamva masamba kuposa nthaka.

Ku Ukraine kuli vuto lina limene kuno sitilidziwa. Dothi lakuda lachonde la kumeneko limauma gwa ndi chisanu, ndipo likatero limanyamula chilichonse. Kukayamba kufunda limasungunuka kuyambira pamwamba, pansi pakadali pa ayezi, moti madzi amasowa kolowera n'kungokhala m'dothi lapamwambalo. Nkhondo ya 2022 inayamba pa 24 February, nyengo yozizira imene sinazizire kwambiri ikupita kumapeto. Magalimoto olemera anakakamizika kuyenda pa misewu ya tala, ndipo gulu lankhondo likakhala pamsewu umodzi aliyense amadziwa kumene lidzere. Mdipiti wa magalimoto wa makilomita pafupifupi 60 umene unaima kumpoto kwa Kyiv unali ndi zifukwa zingapo, monga kusowa mafuta ndi kuukiridwa, koma matope a m'mbali mwa msewu ndiwo anachititsa kuti galimoto imodzi ikafa, zinzake zilephere kuilambalala.

Ndisabise, m'ntchito yathu muli mkangano wakale. Mieczysław Bekker, injiniya wobadwira ku Poland amene anagwira ntchito ku Canada ndi ku America, ankaona kuti nambala imodzi singafotokoze nthaka. Iye ankafuna kuyeza padera mmene nthaka imabonyokera ikapanikizidwa ndi mmene imatsetserekera ikakankhidwa cham'mbali, n'kuwerengera zonse ndi masamu. Buku lake la mu 1956, Theory of Land Locomotion, ndilo maziko a phunziroli, ndipo iye anathandiza kukonza kagalimoto kamene kanayenda pamwezi mu 1971, kumene kunalibe mwayi womiza magalimoto dala kuti aphunzirepo. Opanga magalimoto atsopano amatsata njira ya Bekker, ndipo akulondola. Koma zida zake ndi zolemera, zofuna galimoto yakeyake. Msilikali wotumidwa usiku kukaona ngati dambo lingawolokeke amanyamula ndodo ija. Ine ndikafunsidwa kusankha pakati pa mapu okongola a dzana ndi manambala khumi a ndodo a m'mawa uno, ndimatenga a ndodo.

Wina anganene kuti za akasinja n'za mayiko olemera, ife zikutikhudza pati? Asilikali a Malawi anatumizidwa kukagwira ntchito yosungitsa mtendere kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo mu 2013, limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, m'dera la mvula yambiri ndi misewu yadothi. Magalimoto a ntchito yotere amakhala a matayala, okutidwa ndi zitsulo zoteteza ku zipolopolo ndi mabomba okwirira. Chitsulo chilichonse chowonjezera chimateteza anthu a m'katimo, komanso chimalemetsa matayala omwewo. Asilikali a America anaziona ku Iraq ndi Afghanistan, kumene magalimoto awo olemera oteteza ku mabomba ankagubuduzika m'mphepete mwa ngalande zothirira, chifukwa m'mbali mwa msewu munkagumuka. Kwathu konkuno, namondwe Freddy atakantha chigawo cha kum'mwera mu March 2023, funso loti lole ya ufa ifika kapena pafunika helikopita linali funso lomweli la mphamvu ya nthaka. Ndipo anzanga a misewu ali ndi mbale wake wa ndodo ija, DCP, imene amaikhoma pansi ndi nyundo ya makilogalamu 8 yogwa kuchokera pa mamilimita 575. Amene mwaona anyamata atatu ataimika chitsulo pakati pa msewu wafumbi, wina akukweza ndi kugwetsa nyundo, wina akuwerenga rula, mwaona ntchito imeneyi.

Manambala akatuluka oti nthaka inyamula magalimoto ochepa okha, malangizo athu amakhala osavuta kunena. Opepuka atsogole, olemera atsalire. Phwetsani matayala. Musakhote mwadzidzidzi, musaime pofewa, ndipo koposa zonse musapondetse galimoto iliyonse m'mizere ya inzake. Aliyense atsegule mzere wake kuti dothi lisakanyidwe kawiri. Apa m'pamene msilikali amandiyang'ana ngati ndapenga, chifukwa iye anaphunzitsidwa zosiyana: kumene kungakhale mabomba okwirira, tayala lako liponde ndendende pamene lapondapo la mnzako, popeza mzere umenewo wokha ndiwo watsimikizika kuti ndi wabwino. Malamulo awiriwa onse ndi oona, ndipo pa dambo limodzi sangatsatidwe onse. Chimene chimatsala ndi kulimbitsa mzere umodziwo: kuyala mitengo mopingasa, kuthira miyala, kapena kutambasula mphasa zachitsulo ngati zilipo. Zimenezo zimadya maola, nthawi zina tsiku lathunthu, ndipo amene amagamula ngati maolawo alipo ndi mkulu wa asilikali. Ine ndimamupatsa pepala lonena kuti mzerewu unyamula magalimoto angati, ndi ola limene ndinayeza, n'kumuuza kuti mvula ikagwa usiku anditumenso ndi ndodo m'mamawa.